Lole Imene Inagwera M'munda Mwanga

Munda wanga uli m'munsi mwa msewu wa tala, pamene msewuwo umakhota ukangopitirira Mlangeni kulowera ku boma. Anandisiyira ndi amayi anga. Si waukulu, koma mbatatesi zinkachitamo bwino, ndipo chimwalirire amuna anga ndi munda umenewu unkatidyetsa ine ndi ana.

Chaka chimene ndikunenachi mbatatesi zinali zitayamba maluwa. Unali m'mawa, kamvula kakuwaza, ine ndili chakumunsi kukwezera mizere. Ndinamva hutala ikulira osalekeza, kenako chiphokoso ngati denga la malata likusasuka ndi mphepo. Poweramuka ndinaona lole yabuluu ikutsetsereka kuchokera mumsewu, ikugumula mizere yanga, mpaka inakagona chammbali pakatikati pa munda. Dalaivala anatulukira pawindo atagwira mkono. Sanavulale kwambiri. Anati mabuleki anamukana pamtsetse, n'kupempha madzi akumwa.

Matumba a madeya amene ananyamula anawasamutsira m'galimoto ina tsiku lomwelo. Apolisi anabwera, anayeza zoyezazo, n'kundiuza kuti ndisakhudze kanthu chifukwa ndi katundu wa eni ake. Za mbatatesi palibe anafunsa.

Mwini lole anafika m'mawa mwake. Anali bambo wamfupi, wolankhula mofatsa, ndipo potsika m'mundamo ankasankha popondera kuopa kuda nsapato. Anaizungulira loleyo, n'kubwera pamene ndinaima.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero. "Sabata ya mawa ndibwera ndi galimoto yokoka. Za mbewu zanuzi tidzakambirana bwinobwino."

"Chabwino, bambo. Koma ikutayatu mafuta."

"Asiya okha amenewo. Inu mungondiyang'anirako, anthu asabe zinthu."

Anandisiyira nambala ya foni, ananyamula batire, n'kumapita.

Galimoto yokoka inabweradi, koma inali yaing'ono kuposa yogwayo. Anasonkhanitsa anthu ambiri, anakoka ndi zingwe mpaka lole inadzuka n'kuima pa matayala ake. Poti aikwezere kumsewu, chingwe chachitsulo chinaduka. Anachilumikiza, chinadukanso. Pofika madzulo anali ataponda mizere ina yambiri imene ngozi inaisiya, ndipo lole inali itatitimira m'matope kuposa poyamba. Anati adzabweranso nthaka ikauma.

Mafuta aja sanasiye okha. Pansi pa lole panada bii, ndipo mvula ikagwa madzi oyenda m'makwawa a mizere ankanyezimira mitundumitundu. Masamba a mbatatesi za m'munsi mwake anachita chikasu n'kufota. Pokolola, zimene ndinakumba chapafupi zinkanunkha dizilo. Ndinayesa kuzitsuka, ndinayesa kuziyanika, koma wogula woyamba kumsika anangonunkhiza n'kubwezera m'thumba.

Nthaka inauma, mwini lole sanabwere. Amene anabwera ndi anthu ena. Poyamba anachotsa magalasi oonera kumbuyo. Kenako mipando, nyale, mawaya, matabwa a kumbuyo. Sankabisala n'komwe. Tsiku lina ndinapeza bambo wina wa mudzi woyandikana nafe atakhala pansi, akumasula tayala ngati ali pakhomo pake.

"Bambo, mukutani?"

"Ndikuchotsa ili, mayi. Likungowonongeka ndi dzuwa."

"Ndi lanu?"

"Nanga ndi lanu?" anandifunsa, osasiya kumasula.

Ine apolisi anandiletsa kukhudza, koma ndinali ine ndekha m'dera lonse amene ndinamvera. Limu ya tayala limenelo ndinadzaiona itapachikidwa pamtengo pa tchalitchi ina, akuimenya poitana anthu ku mapemphero. Kuchokera kumsewu kufika pa lole panabadwa kanjira, kodula mizere yanga mopingasa.

Ndinkamuimbira mwini wake ndi mayunitsi anga. Nthawi zina ankayankha kuti ali pamaliro, nthawi zina kuti akudikira a inshuwalansi. Nditamuuza kuti zinthu zikutha, mawu ake ofatsa aja anasintha.

"Ndinakusiyirani inu, mayi. Ngati zikusowa, mukudziwa kumene zikupita."

Ndinadula foni. Mvula itabweranso ndinalima mozungulira lole ngati mmene timalimira mozungulira chulu.

Chaka chachiwiri, chakumapeto kwa nyengo yozizira, anatumiza amakaniko kudzatenga injini ndi giyabokosi. Sanandiuze. Ndinangomva kwa mayi wina wochokera kuchigayo kuti kumunda kwanga kuli anthu. Pofika ndinapeza atadula mitengo yanga ya bulugamu ya m'malire, aimika ngati mafuwa kuti apachikepo tcheni chokwezera injini. Oyilo wa mu injini anangomumasulira pansi. Anali dziwe lakuda, likulowa pang'onopang'ono m'dothi.

"Simukanapempha ndowa?" ndinafunsa.

"Ndi wakutha ameneyu, mayi, alibe ntchito," anatero wamkulu wawo, akupukuta manja pa udzu.

Madzulo ake mwini lole anaimba yekha, koyamba chiyambire.

"Mayi, zofunika ndatenga. Chatsalacho ndi chanu. Chikhale chipepeso cha mbatatesi zija."

Anazinena ngati akundipatsa ng'ombe. Chimene anandipatsa chinali chigoba cha dzimbiri, chopanda matayala, chopanda injini, cholemera moti mudzi wonse sukanachisuntha.

Ndinapita ku boma kukawauza achimwene anga. Iwowa ndi akulu kwa ine, ndipo pa nthawiyo ankawotcherera zitseko ndi mafelemu a mawindo pa shedi ya munthu wina pafupi ndi msika. Anamvetsera nkhani yonse akupala chitsulo, kenako anati, "Achemwali, chimenecho ndi chuma. Kumabwera anthu ndi lole kudzagula zitsulo zakutha, amayeza pasikelo. Tikachidula bwinobwino, munda muuona ndipo kenakake katsala."

Ndinabwerera kumudzi mtima utapepuka. Sindinkadziwa kuti mawu oti kudula ndi aafupi pakamwa pokha.

Achimwene ankapezeka Loweruka lokha, ndi masiku amene kushedi kunalibe magetsi. Tsiku loyamba ine ndinkafuna tiyambe kudula pomwepo. Iwo anakana.

"Tiyambe takhetsa zamadzi zonse. Galayinda yodulira zitsulo imalavula moto. Ikakumana ndi dizilo, ine ndi inu atinyamula pamodzi ndi zitsulozi."

"Muli dizilo wanji umu? Anthu anapopa kalekale."

Anagogoda thanki ndi sipanala, ndipo inalira mosonyeza kuti pansi pake pali kanthu.

Kuti afike pa bawuti ya pansi pa thanki tinayamba takumba, chifukwa lole inali itakhala pamimba. Ine ndinkakumba ndi khasu, iwo n'kumakwawira m'dzenjemo chagada. Bawutiyo inali itagwirana ndi dzimbiri. Anaithira palafini, anaimenya, anavalika paipi ku sipanala kuti italike, ine n'kuponda paipiyo ndi thupi langa lonse. Itamasuka inamasukiratu kamodzi, ndipo zimene zinatuluka zinawathira achimwene m'khosi ndi pachifuwa beseni ndisanalilowetse. Sanali dizilo weniweni. Anali madzi a mvula osakanikirana ndi dizilo ndi matope a dzimbiri, ofiirira ngati thobwa lamawere. Tinadzaza zigubu pogwiritsa ntchito botolo lodula pakati m'malo mwa fanulo.

Kenako difu, chimphika chachitsulo chimene chimakhala pakati pa matayala a kumbuyo. Oyilo wake ndi wolimba ngati uchi, ndipo fungo lake sindinalimvepo kwina kulikonse: ngati mazira owola osakaniza ndi adyo. Ankatuluka pang'onopang'ono, ine nditagwada, nditagwira beseni langa losambitsira ana, limene silinabwererenso kunyumba. Tinakhetsanso madzi obiriwira otsala mu redieta ndi timafuta ta mabuleki, tomwe achimwene anati ndisatikhudze ndi manja. Chitenje chimene ndinavala tsiku limenelo ndinachichapa kangapo, kenako ndinachisandutsa chopondera pakhomo.

Mbiri inamveka kuti kwathu kuli oyilo. Anthu omwe aja amene sanandithandize kukumba anayamba kufika ndi timabotolo. Wina ankafuna wopaka nsichi za khola kuti chiswe chisadye. Wina wothira m'chimbudzi. Wina wa tcheni cha njinga. Ndinkawapatsa, chifukwa kukana oyilo wakutha n'kudzipezera dzina. Koma zigubu za madzi ofiirira aja palibe anazifuna, ndipo sindinkadziwa kozitaya. Kumtsinje ayi, anthu amamwa. M'munda ayi. Zinakhala kuseri kwa khitchini, zikununkha dzuwa likatentha, mpaka munthu wina wowotcha njerwa anazitenga kukayatsira uvuni.

Kudula kunafuna jenereta, popeza kumunda kulibe magetsi. Tinabwereka kwa munthu woonetsa mpira pa sitolo za pamsewu, ndipo ankaifuna ibwerere mpira usanayambe. Kuitengera kumunda inkakwera njinga ya kabaza, ine ndikuigwirizira kumbuyo potsetsereka. Inali jenereta yamakani. Achimwene ankakoka chingwe mpaka thukuta, iyo n'kutsokomola, n'kuzima. Ikalira, galayinda ikangoluma chitsulo chokhuthala, inkabuula n'kuzimanso. Madisiki odulira ankatha ngati sopo. Ena ankasweka asanafike n'pakati pomwe, zidutswa n'kuuluka. Akatha, ntchito inkaima mpaka wina apite ku boma.

Masiku opanda jenereta tinkagwiritsa sowo ya zitsulo ndi hamala. Ndinaphunzira kugwira tchizulo achimwene akumenya, nkhope nditatembenuzira kumbali. Ndinaphunzira kuti bawuti imene yakana kumasuka umaidula mutu. M'manja mwanga, mozolowera khasu kuyambira ubwana, munatuluka matuza atsopano m'malo amene khasu silifika.

Mutu wa lole, mokhala dalaivala muja, tinaudula zidutswazidutswa. Mkati mwake munali zisa za mbewa ndi chikopa cha njoka. Achimwene ankasanja zitsulo m'milu: zokhuthala pazokha, zamalata pazokha, redieta ndi tizidutswa ta aluminiyamu pazokha, chifukwa amati mitengo yake ndi yosiyana. Waya wa kopa, amene anati ndiye wodula kwambiri, tinangopeza kachidutswa kotalika ngati mkono. Wina yense anapita kale ndi alendo anga aja.

Tsiku lina kachitsulo kanawalowa achimwene m'diso. Anali atavula magalasi chifukwa anachita nthunzi ndi thukuta. Anati n'zazing'ono, anasukusula, n'kupitiriza. Pofika m'mawa diso linali litatupa, lofiira, losatseguka. Kuchipatala anakachotsa kachitsuloko n'kuwamata bandeji, ndipo kushedi sanagwire ntchito masabata angapo. Alamu anga, akazi awo, sanandinenere mawu oipa. Anangoti, "Alamu, lole yanu ija yatidyera ndiwo," akuseka pang'ono. Kuseka kumeneko kunandipweteka kuposa kukalipa.

Diso litapola anabweranso okha, osaitanidwa. "Tayamba kale," anatero. "Tikasiya pano ndiye kuti diso lapita pachabe."

Chinatsala ndi kukweza zitsulo kumsewu, chifukwa ogula sakanatsika ndi lole yawo kumunda. Mwini ngolo woyamba anakana, anati zitsulo zimacheka ng'ombe miyendo. Wachiwiri anavomera, koma difu ndi ekiselo yake, chitsulo chogwira matayala, atazikweza, ng'ombe zinangoima pamtunda, thovu kukamwa, ngolo n'kumabwerera m'mbuyo. Tinazitsitsa n'kuzikoka pansi ndi tcheni, zikulima ngalande m'munda monse. Zopepuka ndinkasenza pamutu ngati nkhuni.

Ogula anati abwera Lachiwiri. Silinali Lachiwiri limenelo, ngakhale lotsatira. Mulu unali pamsewu, poonekera aliyense, ndiye ndinasanduka mlonda wa zinthu zimene ndinkafuna zichoke. Kunali kotentha, mwezi wa Okutobala, anzanga akugalauza minda kukonzekera mvula, ine nditakhala pa difu ndi ambulera. Oyenda pa minibasi ankandiyang'ana. Ena ankafunsa ngati ndikugulitsa, n'kutola chitsulo, kuchitembenuza, kuchiponya pansi. Wosula mipeni wina anandinyengerera mpaka ndinamugulitsa masipuling'i awiri, amati ndiwo amatulutsa zikwanje zabwino. Achimwene atamva anakhumudwa, anati ndachotsa zolemera zenizeni.

Atabwera ogulawo, wamkulu wawo anali mnyamata wa chipewa chofiira, wotafuna chingamu, wosayang'ana munthu kumaso. Anapachika sikelo yawo pa chitsulo cha lole yawo n'kuyamba kusankha.

"Izi ndi malata, mtengo wake ndi wina. Izi zadyeka ndi dzimbiri. Umu muli dothi, tichotsapo."

"Dothi lake liti?" anafunsa achimwene. "Tagogoda chimodzichimodzi."

"Madala, ngati simukufuna, tipita. Kutsogoloku kuli katundu wambiri."

Ankadziwa kuti sitingazibweze kumunda. Muvi wa sikelo unkagwedezeka, iye n'kutchula nambala usanaime. Achimwene ankatsutsa, ine kutopa kutandikwana. Atafika pa zitsulo ziwiri zazitali za pansi pa lole, zimene amati chasisi, zomwe zinatidyera madisiki ambiri pozilekanitsa, mnyamatayo anawerama, anapala penapake ndi kiyi, n'kuimirira.

"Izi sitinyamula. Pali nambala ya galimoto. Popanda mapepala ake, atigwira pa rodibuloko."

"Tiidule nambalayo," anatero achimwene.

"Ndiye ziwoneka zakuba zenizeni."

Ndinamuimbira mwini lole pomwepo. Foni inati nambala imeneyo sikupezeka. Ndinayesanso masiku otsatira, mpaka ndinasiya.

Zimene tinalandira, titabweza za mafuta a jenereta, madisiki ndi ngolo, n'kuwapatsa achimwene gawo lawo limene ankalikana, sizinakwane ngakhale thumba la feteleza. Ndinagula mbewu pang'ono ndi beseni latsopano.

Pamene panagona lole ndinapakumba, dothi lakuda lija ndinalituta ndi wilibala kukalitaya m'dzenje la njerwa, n'kuthirapo manyowa a khola. Mbatatesi zinamera zofooka, zotalikirana. Achimwene anati ndiyesepo chimanga kapena ndipasiye zaka zingapo. Polima, khasu limakumanabe ndi mabawuti ndi magalasi osweka, moti dera limenelo sindipondapo opanda nsapato.

Zitsulo ziwiri zazitali zija zinakhala m'mbali mwa msewu mpaka mvula inayamba. Kumunsi kwa munda wanga kuli khwawa limene limadzaza mvula ikagwa, ndipo anthu a tsidya lina ankazungulira kutali kuti afike pamsewu. Tsiku lina ndinapeza amuna a tsidyalo atazinyamula pamapewa, akutsika nazo kudutsa m'mizere yanga yongobzala kumene. Anakaziyala pakhwawa paja, n'kukhomerapo matabwa. Sanapemphe. Mmodzi mwa iwo, bambo wachikulire amene timapemphera limodzi, anandiona nditaima n'kubwera.

"Mayi, mwatithandiza. Ana asukulu sazunguliranso."

"Nanga akawoloka adzera pati?"

Anayang'ana mlatho, anayang'ana msewu, n'kuyang'ana munda umene unali pakati pa ziwirizi.

"Adzera m'mbalimu," anatero. "Tiwauza asamaponde mbewu."

Sadzera m'mbali. Amadzera pakati, pamene pali pafupi: ana asukulu, amayi opita kuchigayo, njinga zonyamula makala, ngakhale njinga zamoto. Ndinaikapo minga, anaichotsa. Ndinakadandaula pa msonkhano wa mudzi, ndipo anthu anandimvetsera mwaulemu, kenako wina anaimirira n'kunena kuti mlathowo wapulumutsa miyoyo, ndipo onse anawomba m'manja. Ena ankawombera ine, ngati mwini zitsulo.

Chaka chino ndinasiya kulimbana nawo. Ndinasiya mpata wa njirayo polima, ndipo m'mbali mwake ndinabzala khonje kuti isamakule. Achimwene atabwera kudzaona anaima pamlathopo, anaudumphira pang'ono kuyesa kulimba kwake, n'kunena kuti pakufunika kuwotcherera chogwirira, ana angagwe. Anandifunsa ngati munthu wa jenereta uja akadali nayo. Ndinawauza kuti akamufunse okha.